Phunziro la Mwezi Uno: Mtima wa Mwana ndi Nthenda ya Lupus

Ana ambiri amene amafika pa chipatala cha mishoni cha Guilleme, m'boma la Mchinji, amabwera ndi matenda odziwika bwino monga malungo, chibayo, kutsegula m'mimba ndi kunyentchera. Matenda amenewa ali ndi mankhwala ake, ndipo mwana akafika msanga amachira nabwerera kwao. Koma nthawi zina pamafika mwana wa msinkhu wa sukulu amene akudandaula kupweteka kwa m'chifuwa, akupuma mwabefu, ndipo mtima wake ukuthamanga ngakhale ali chigonere. Kawirikawiri choyambitsa chimakhala chifuwa chachikulu kapena nyamakazi ya mtima. Komabe pali nthenda yachitatu imene imabisala kumbuyo kwa ziwirizi, ndipo dzina lake ndi lupus.

Phunziro lino lalembedwera makolo, aphunzitsi, alangizi a zaumoyo, anamwino ndi azamba. Mfundo yake yaikulu ndi iyi: mwa ana ena odwala lupus, mtima ndiwo umayamba kuonetsa nthendayi zizindikiro zina zisanaonekere poyera. Mwana wotero akazindikiridwa msanga, amapulumutsidwa mtima ndi impso zomwe.

Kodi lupus ndi nthenda yotani?

Thupi la munthu lili ndi chitetezo chake, chimene ambiri amachitchula kuti asilikali a m'thupi. Ntchito ya asilikali amenewa ndi kulimbana ndi tizilombo toyambitsa matenda. Mwa munthu wodwala lupus, asilikaliwo amasokonezeka nayamba kumenya ziwalo za mwini thupi, monga galu wa pakhomo amene waiwala mbuye wake. Ziwalo zimene amakonda kumenya ndi khungu, molumikizira mafupa, magazi, impso, mapapo, ubongo ndi mtima.

Nthendayi siyopatsirana. Munthu sangaitenge pogwirana chanza, podyera mbale imodzi kapena pogona pa mphasa imodzi ndi wodwala. Si khansa ndiponso si Edzi. Imayamba kaamba ka chibadwa cha thupi la munthuyo, pamodzi ndi zinthu zina zimene zimaidzutsa monga dzuwa lamphamvu, matenda ena ndi kusintha kwa thupi pa nthawi ya kutha msinkhu.

Dzina lake lonse m'mabuku a madokotala ndi systemic lupus erythematosus. Mawu akuti lupus ndi a Chilatini ndipo atanthauza mmbulu, popeza madokotala akale poona zilonda za kumaso ankaziyerekeza ndi polumidwa ndi chilombocho. M'chaka cha 1872 dokotala wa ku Vienna, Moriz Kaposi, adaonetsa kuti nthendayi siithera pa khungu pokha koma imagwiranso ziwalo za m'kati.

Mwa anthu 100 odwala lupus, pakati pa 15 ndi 20 amayamba kudwala asanakwanitse zaka 18. Ambiri mwa ana amenewa amayamba ali ndi zaka 11 kapena 12, ndipo siichitikachitika kwa mwana wosafika zaka 5. Atsikana ndiwo amadwala kwambiri: pa mnyamata mmodzi pamakhala atsikana anayi kapena asanu. Kwa ana nthendayi imabwera mwaukali kuposa kwa akuluakulu, ndipo kwadziwika kuti anthu a khungu lakuda imawagwira kawirikawiri ndiponso mwamphamvu kuposa azungu.

M'mene lupus imagwirira mtima

Mtima uli ndi mbali zitatu zimene nthendayi ingathe kugwira.

Mbali yoyamba ndi kathumba kokuta mtima. Mtima umakhala m'kathumba kopyapyala, ndipo m'kathumbamo muli timadzi tochepa tothandiza kuti mtima uzigunda mosakhulana ndi ziwalo zina. Lupus ikatupitsa kathumbaka, mwana amamva ululu wobaya pakati pa chifuwa kapena cha kumanzere, nthawi zina wofika mpaka pa phewa. Ululuwu uli ndi khalidwe lake: umakula mwana akagona chagada kapena akakoka mpweya kwambiri, ndipo umachepa akakhala tsonga naweramira kutsogolo. Chifukwa chake mwana amene wayamba kukana kugona pansi, namachezera usiku atakhala chowerama, asayesedwe wamwano. Vuto la kathumba ndilo lofala kwambiri mwa mavuto onse a mtima obwera ndi lupus, ndipo ndilo limene limatha kukhala chizindikiro choyamba.

Madzi akachuluka m'kathumbamo amapanikiza mtima kotero kuti sungathe kudzaza bwino ndi magazi. Pamenepo mitsempha ya m'khosi imatupa, manja ndi mapazi zimazizira, mwana amachita chizungulire ndipo akhoza kukomoka. Zikafika apa moyo uli pa ngozi, ndipo madziwo ayenera kupopedwa kuchipatala tsiku lomwelo.

Mbali yachiwiri ndi mnofu weniweni wa mtima. Mnofuwu ukatupa umafooka, ndipo mtima umalephera kukankha magazi mokwanira. Mwana amatopa msanga, amachita befu poyenda mtunda umene kale ankauthamanga, mapazi amatupa, ndipo pamimba cha kumanja pamapweteka chifukwa chiwindi chadzaza magazi. Mtima wa mwana wa zaka 10 amene akupumula umagunda pakati pa ka 70 ndi ka 110 pa mphindi imodzi. Ukamapitirira apa mwana ali phee, thupi lisakutentha, pali chifukwa chofunika kuchifufuza. Vuto la mnofu silofala ngati la kathumba, koma ndi loopsa kwambiri.

Mbali yachitatu ndi zitseko za mtima. M'kati mwa mtima muli zitseko zinayi zimene zimatsegula ndi kutseka kuti magazi aziyenda njira imodzi osabwerera. Lupus imatha kumeretsa tinjerewere pa zitsekozi. Madokotala awiri a ku New York, Emanuel Libman ndi Benjamin Sacks, ndiwo adalongosola za tinjerewereti m'chaka cha 1924, ndipo vutoli limadziwika ndi maina awo mpaka lero. Nthawi zambiri mwana samva kanthu, koma chitseko chikhoza kuyamba kudontha, kapena kachidutswa kakhoza kuthothoka nikakatseka mtsempha wa ku ubongo, mwana n'kufa ziwalo mbali imodzi.

Matenda awiri ofanana nayo

Kuno ku Malawi, mwana wodwala mtima sayamba waganiziridwa za lupus, ndipo nkoyenera kutero popeza pali matenda awiri ofala kwambiri kuposa iyo.

Yoyamba ndi nyamakazi ya mtima. Imayamba ndi zilonda za pakhosi zimene sizidachiritsidwe ndi penisilini. Pakapita masabata awiri kapena atatu, mwana wa zaka za pakati pa 5 ndi 15 amatentha thupi, mawondo ndi akakolo zimatupa mosinthanasinthana, ndipo zitseko za mtima zimaonongeka. Kafukufuku amene adafalitsidwa m'chaka cha 2016 adaunika ana 1,450 a m'boma la Lilongwe, napeza kuti ana 34 mwa 1,000 alionse adali ndi zizindikiro zobisika za nthendayi. Ku Maputo, m'dziko la Mozambique, kafukufuku wa m'chaka cha 2007 adaonetsa kuti pomvetsera mtima ndi makutu pokha madokotala adapeza ana awiri okha mwa 1,000, koma pounika ndi makina adapeza ana 30. Izi ziphunzitsa kuti mtima ukhoza kudwala khutu osamva kanthu, ndipo ndi chimodzimodzi ndi lupus.

Yachiwiri ndi chifuwa chachikulu. M'maiko a kuno ku Africa, madzi a m'kathumba ka mtima amabwera kaamba ka TB kuposa nthenda ina iliyonse, makamaka mwa anthu amene ali ndi kachilombo ka HIV. Mwana wotero amaonda, amatuluka thukuta usiku, ndipo kawirikawiri panyumba pamakhala munthu amene wakhala akutsokomola nthawi yaitali.

Tsono lupus iyenera kukumbukiridwa liti? Iyenera kukumbukiridwa pamene mwana, makamaka mtsikana amene akuyandikira kutha msinkhu, ali ndi vuto la mtima pamodzi ndi zizindikiro za m'ziwalo zina zimene TB kapena nyamakazi sizingathe kuzifotokoza. Iyenera kukumbukiridwanso pamene mwana wamwa mankhwala a TB mokhulupirika kwa masabata angapo koma osaona kusintha. Ngakhale zili choncho, kholo lisasiyitse mwana mankhwala a TB mwa lokha. Loyenera ndi kubwerera naye kuchipatala ndi kukafotokoza kuti sakupeza bwino.

Zizindikiro zina zoyenera kuzifunafuna

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Lupus imadziwika pophatikiza zizindikiro zingapo zimene pachokhapachokha zimaoneka zazing'ono, ndipo zina zimabwera n'kupita. Zofunika kuziyang'ana ndi izi:

1. Kutentha thupi kobwerezabwereza, magazi akayezedwa osapezeka malungo.
2. Kutopa kosatha, kusafuna kudya ndi kuonda.
3. Kupweteka ndi kutupa kwa molumikizira mafupa, makamaka zala ndi mikono mbali zonse ziwiri, ndi kuuma kwa zala m'mawa.
4. Zidzolo za pamasaya zodutsa pamphuno, zooneka ngati mapiko a gulugufe. Pa khungu lakuda sizioneka zofiira monga zimajambulidwira m'mabuku, koma zimaoneka zoderapo kuposa khungu lozungulira, ndipo zimakula mwana akakhalitsa padzuwa.
5. Kuthothoka kwa tsitsi, kapena mawanga a m'mutu ndi m'makutu osiya zipsera.
6. Zilonda za m'kamwa, makamaka cha kumwamba, zimene nthawi zambiri sizipweteka.
7. Kutupa kwa nkhope m'mawa, kutupa kwa mapazi, ndi mkodzo wochita thovu kapena wofiirira.
8. Kuchepa kwa magazi, kukha kamfuno kawirikawiri, kapena kusamba kochuluka mopitirira muyeso.
9. Kupweteka mutu kosalekeza, kukomoka, kapena kusintha khalidwe mwadzidzidzi.

Chizindikiro cha chisanu ndi chiwiri nchofunika koposa. Ana oposa theka mwa odwala lupus amagwidwa impso, ndipo impso zimaonongeka mwakachetechete, popanda ululu. Kuyeza mkodzo ndi kapepala koviika sikutenga ngakhale mphindi zisanu. Motero mwana aliyense amene wapezeka ndi madzi ku mtima ayenera kuyezedwanso mkodzo ndi kuthamanga kwa magazi.

M'midzi yambiri ya Achewa, mwana akatupa nkhope ndi miyendo anthu amaganiza za tsempho kapena mdulo, ndipo banja limayamba kufufuza amene walakwira mwambo. Ena amaganiza za ufiti, natemera mwanayo mphini pa chifuwa. Pamene akuluakulu akukambirana zimenezi, madzi a ku mtima amakhala akuchulukirabe. Mphini zimaonjezera vuto lina, chifukwa mwana wa lupus amatenga matenda msanga ndipo mabala ake sachedwa kuchita mafinya. Nkhani za pabanja zikhoza kudikira, koma mwana wobanika apite kuchipatala lero.

Khanda la mtima wogunda pang'onopang'ono

Pali mtundu wina wa vutoli umene azamba ayenera kuudziwa. Amayi ena ali ndi asilikali a mtundu wotchedwa anti-Ro m'magazi mwao, ndipo ambiri a iwo sadziwa chifukwa sadwala konse. Asilikali amenewa amatha kudutsa kupita kwa mwana ali m'mimba, nakaononga njira imene imatumiza uthenga woti mtima ugunde. Izi zimachitika makamaka pakati pa sabata la 18 ndi la 24 la pathupi, ndipo zimagwera ana awiri mwa 100 obadwa kwa amayi otere.

Mtima wa mwana wosabadwa umagunda pakati pa ka 110 ndi ka 160 pa mphindi. Mwana amene wagwidwa ndi vutoli mtima wake umagunda ka 50 mpaka ka 80 basi, ndipo sukwera. Mzamba akamva kugunda kochedwa chotere pa sikelo, ayambe wagwira mtsempha wa pa dzanja la mayi kuti atsimikize kuti sakumva mtima wa mayiyo. Akatsimikiza, atumize mayiyo ku chipatala chachikulu mosazengereza, kuti akaunikidwe ndi kukachirira kumeneko. Khanda lina limabadwa ndi zidzolo zozungulira maso, zimene zimatha zokha pakapita miyezi 6 mpaka 8. Koma vuto la mtima silitha lokha, ndipo ana ambiri otere amafunika kuikidwa kamakina kothandiza mtima kugunda. Mayi amene adaberekapo mwana wotere anene msanga pa pathupi potsatira, popeza vutoli limabwereza kwa mwana mmodzi mwa 6, ndipo alipo mankhwala ochepetsa ngoziyo.

Ulendo wa kuchipatala

Mwana wa ku Guilleme kapena midzi yozungulira amayambira pa chipatala chapafupi. Kumeneko amamvetseredwa mtima, amayezedwa malungo, HIV, kuchuluka kwa magazi ndi mkodzo. Ngati pali chikaiko, amatumizidwa ku chipatala cha boma ku Mchinji, ndipo ngati nkofunika amapitirira ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 110 kuchokera ku Mchinji. Kumeneko mtima umaunikidwa ndi makina oonetsa madzi a m'kathumba, mphamvu ya mnofu ndi kayendedwe ka zitseko. Kuunikaku sikupweteka ndipo sikufuna jakisoni.

Palibe muyeso umodzi wokha wotsimikiza lupus. Dokotala amaphatikiza mbiri ya mwanayo, zimene waona pa thupi, ndi zotsatira za magazi. Muyeso wotchedwa ANA umapezeka mwa pafupifupi ana onse odwala lupus, koma umapezekanso mwa anthu ena abwinobwino, kotero pawokha sukwanira. Apa mpamene buku la kuchipatala la mwana limakhala lamtengo wapatali. Mabanja a m'malire amene nthawi zina amapita ku zipatala za ku Chipata, m'dziko la Zambia, asunge mapepala onse a mbali ziwirizi pamodzi. Dokotala akaona kuti mwezi wina mwana adabwera ndi kutentha thupi, mwezi wina ndi kutupa zala, ndipo lero ndi ululu wa m'chifuwa, amatha kulumikiza zonsezo naona kuti ndi nthenda imodzi.

Chithandizo

Lupus siichiritsika kotheratu, koma imagonja ku mankhwala. M'zaka za m'ma 1950, theka la odwala linkamwalira zisanathe zaka zisanu. Masiku ano, kumene mankhwala amapezeka ndipo amamwedwa mwandondomeko, ana oposa 90 mwa 100 amakhala ndi moyo zaka 10 ndi kupitirira, amaphunzira sukulu, ndipo ambiri amadzakhala ndi mabanja awo.

Mankhwala oyamba ndi prednisolone, amene amaziziritsa kutupa msanga. Ululu wa kathumba ka mtima umachepa m'masiku ochepa. Mankhwalawa amanenepetsa nkhope, amaonjezera njala, ndipo amachepetsa mphamvu ya thupi yolimbana ndi matenda. Atsikana ena amawasiya mobisa chifukwa anzawo akuwaseka. Kuwasiya mwadzidzidzi nkoopsa kwambiri, ndipo kukhoza kupha. Dokotala yekha ndiye amawachepetsa pang'onopang'ono, ndipo nkhope imabwerera m'malo mwake.

Mankhwala achiwiri ndi hydroxychloroquine, m'bale wake wa klorokwini amene akuluakulu amamukumbukira ngati mankhwala a malungo dziko la Malawi lisanamusiye m'chaka cha 1993. Amamwedwa tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri, ndipo amaletsa nthenda kudzuka, amateteza impso ndi mitsempha ya magazi. Womwa mankhwalawa ayenera kuyezedwa maso nthawi ndi nthawi. Makolo asaganize kuti mwana wawo sangadwalenso malungo. Agonebe mu neti, ndipo akatentha thupi ayezedwe magazi tsiku lomwelo.

Ngati impso kapena mnofu wa mtima zagwidwa kwambiri, dokotala amaonjezera mankhwala amphamvu monga azathioprine, mycophenolate kapena cyclophosphamide. Awiri omalizawa amaononga mwana wosabadwa, kotero mtsikana amene wakula alangizidwe bwino kuti asatenge pathupi asanakambirane ndi dokotala. Mankhwala ena wamba, monga Bactrim, amatha kudzutsa nthendayi mwa odwala ena. Chifukwa chake mwana wa lupus asapatsidwe mankhwala ogula pa golosale kapena pa msika.

Udindo wa aliyense

Makolo aonetsetse kuti mwana akumwa mankhwala ngakhale pamene akuoneka kuti wachira, ndipo asaphonye tsiku lobwerera kuchipatala. Dzuwa limadzutsa lupus, choncho mwana avale chipewa chachikulu ndi malaya a mikono yaitali, ndipo pa nyengo yolima kapena yokolola mtedza ndi fodya apatsidwe ntchito za pamthunzi. Mchere uchepe m'ndiwo zake.

Aphunzitsi, makamaka oyang'anira ana m'sukulu zogonera komweko, ndiwo amayamba kuona mwana amene wasiya masewero, amene akugona atakhala, kapena amene akulephera kugwira cholembera m'mawa. Mwana wotero asatchedwe waulesi. Atumizidwe kuchipatala, ndipo akabwerako anzake aphunzitsidwe kuti nthenda yake siyopatsirana.

Alangizi a zaumoyo poyendera midzi afunse za ana amene akhala akudwaladwala popanda nthenda yodziwika, ndipo alimbikitse makolo kupita nawo kuchipatala ndi mabuku awo onse. Akumbutsenso anthu kuti zilonda za pakhosi za mwana zifunika kuonedwa kuchipatala, popeza potero nyamakazi ya mtima imapewedwa. Tsiku la 10 May, limene dziko lapansi limakumbukira nthenda ya lupus kuyambira m'chaka cha 2004, ndi mpata wabwino wokambirana phunziroli pa sikelo ndi m'sukulu.

Mwana athamangitsidwe kuchipatala nthawi yomweyo, usana kapena usiku, ngati akubanika ali chikhalire, ngati sangathe kugona pansi, ngati milomo yake yachita bii, ngati wakomoka, kapena ngati mkodzo wachepa kwambiri.

Mafunso okambirana

1. Tchulani mbali zitatu za mtima zimene lupus ingagwire.
2. Kodi ululu wa kathumba ka mtima umasintha bwanji mwana akagona chagada ndiponso akakhala tsonga?
3. Ndi matenda awiri ati ofala ku Malawi amene amafanana ndi lupus pogwira mtima?
4. Nchifukwa ninji mwana wopezeka ndi madzi ku mtima ayenera kuyezedwanso mkodzo?
5. Kodi mzamba achite chiyani akamva mtima wa mwana wosabadwa ukugunda ka 60 pa mphindi?
6. Fotokozani kuopsa kosiya prednisolone mwadzidzidzi, ndi m'mene kholo lingalimbikitsire mtsikana amene akusekedwa kusukulu.